Mababu aja ndinawagulitsa

Katoni ija inakhala pamwamba pa kabati miyezi isanu ndi iwiri. Inali katoni ya sopo, koma m'kati mwake munali mababu awiri a nyali za galimoto, a mtundu wowala kwambiri wotchedwa HID, timabokosi tiwiri tachitsulo totchedwa ballast, mpukutu wa mawaya wokhala ndi kaswitchi kotchedwa relay ndi fyuzi yake, kudzanso mababu ena awiri a LED okhala ndi timafani kumbuyo. Loweruka lililonse mayi a kunyumba ankaitsitsa, kuipukuta fumbi, n'kuibwezera pamalo pake. Tsiku lina sanaibwezere. Ndinaipeza ili patebulo, pambali pa mbale ya nsima.

"Abambo, zinthu izi ndi ndalama kapena ndi zinyalala? Ngati ndi ndalama, fizi ya mwana ikudikira. Ngati ndi zinyalala, dzala lili kuseri."

Ndinayamba ndasamba m'manja, n'kutema mbamu, n'kutafuna kanthawi. Funso limeneli ndi lomwe ndinkalizemba miyezi yonseyi.

Ine ndimakhala kufupi ndi Luchenza, ndipo chimene chimadyetsa banja langa ndi Toyota Probox yoyera, yotopa ndithu, ya injini ya 1.5. Ndimanyamula nanazi za ku Mulanje, nthochi zikapezeka, mazira, nthawi zina mbatata, kupita nazo ku Limbe. Amene anachitapo geni yotere akudziwa kuti msika wa m'tauni umafuna wolawira. Ukafika dzuwa litatuluka, opikula agula kale kwa anzako, iwe n'kutsala ndi ogula nanazi imodziimodzi, onenerera ngati akugula nyumba. Ndiye ikamakwana 3 koloko m'bandakucha ine ndimakhala ndaliza kale galimoto. Msewu wanga ndi M2: kuchoka pa Luchenza, kukwera mpaka pa boma la Thyolo, kudutsa m'minda ya tiyi, pa Thunga, pa Bvumbwe, pa Chigumula, kenako Limbe.

Mdima wa msewu umenewu uli ndi anthu ake. Muli a njinga za makala, matumba atatu kapena anayi osanjikiza, munthu wake osaoneka n'komwe, akukankha pachitunda. Muli amayi osenza madengu a masamba kuthamangira msika wa pa Bvumbwe. Muli alonda oweruka ndi antchito olawirira ku esiteti, ena atavala mapepala akuda apulasitiki kudziteteza ku mame. Muli a kabaza a njinga zamoto opanda nyali ya kumbuyo. Msewu wake ndi wopapatiza, wokhotakhota, ndipo m'malo ambiri m'mphepete mwa phula munadyeka, moti woyenda pansi alibe kothawira. Ine ndi anthu amenewa timagawana kamsewu komweko, ndipo chimene chimatilekanitsa ndi nyali zanga basi.

Nyalizo zinali ngati koloboyi. Magalasi ake anali atachita chikasu ngati mano a wosuta chingambwe, moti ndikayatsa dimu ndinkangoona kadera kofiirira patsogolo pa boneti. Galimoto zinzanga zikamandipitirira ndi nyali zoyera mbee, mtima unkandiwawa. Mu Epulo 2023, patangotha mwezi chidutsireni namondwe wa Freddy, misewu ya kuno ili yoonongeka, ndinagwera m'dzenje limene sindinalione, tayala n'kuphulika. M'mawa mwake, nditatsitsa katundu, ndinalowa m'sitolo ina ya masipeya ku Limbe.

Mnyamata wogulitsa sanavutike nane. "Madala, musazunzike ndi makandulo. Ikani izi, usiku uzikhala masana." Pa katoni ya mababu a HID aja panali nambala yaikulu, 8000K, ndipo ine ndinayesa kuti ndi mphamvu ya kuwala. Ndinafunsa ngati pali ya nambala yoposa pamenepo. Ndinadzadziwa mochedwa kuti K ameneyo amanena za mtundu wa kuwala, osati kuchuluka kwake. Babu wamba wa halogen amakhala cha m'ma 3200K, n'chifukwa chake amaoneka wachikasu. HID yowala kwambiri ndi ya cha m'ma 4300K, ya 6000K ndi yoyera, ndipo ukamakwera kupita ku 8000K kuwala kumanka kuchita buluu kwinaku kukuchepa. Ndiye kuti ine ndinasankha yokongola, yosawala kwenikweni ngati inzake, ndipo ndinalipira mosangalala.

Usiku woyamba pakhomo panali ngati pa kanema. HID siyaka nthawi imodzi ngati babu wamba. Imayamba yaphethira, kenako kuwala kwa buluu kumanka kukula kwa masekondi angapo mpaka kufika pake. M'kati mwa babu mulibe kawaya koyaka. Muli mpweya wa xenon, ndipo ballast ija imakweza magetsi a batire kufika ma volts oposa 20,000 poyambitsa, kuti moto udumphe pakati pa timitu tiwiri tachitsulo. Ikayaka imadya ma watts 35 okha, pamene babu wamba wa halogen wolowa m'nyali zanga, wotchedwa H4, amadya 55 pa dimu ndi 60 pa fulu. Ana a aneba anasonkhana kumavina m'kuwalamo. Ine ndinaima chapatali, manja m'thumba, ndikuona khoma lonse la khitchini, denga lake, mpaka nsonga ya mtengo wa mapeyala wa kuseri. Sizinandibwerere m'mutu kufunsa kuti nyali ya galimoto, ili pa dimu, ikufunanji kunsonga ya mtengo.

Pamsewu aliyense wobwera kutsogolo ankandiphethirira fulu. Minibasi, lole, ngakhale njinga yamoto. Ine ndinkabwezera fulu yanga kamodzi, kuti aone kuti zimene akudandaula nazozo ndi dimu chabe. Ndiulule pano: ndinkamva kukoma. Zaka zonse zija ndinali wothobwedwa, tsopano wothobwa ndinali ine.

Kenako kunabwera chiperoni.

A kuno sitifunika kuuzidwa, koma a ku Lilongwe ndi ku Salima mwina mumangomva pa wailesi. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kumabwera mphepo yozizira yachinyezi kuchokera kummwera chakummawa, mbali ya ku Mozambique kumene kuli phiri la Chiperone, lomwe linapereka dzinali. Ikafika m'mapiri a Thyolo ndi Mulanje imasanduka nkhungu ndi mawawa, ndipo ikhoza kukhala masiku atatu kapena anayi osachoka. Tiyi amaikonda, ndi imene imamusunga wobiriwira m'chilimwe. Woyendetsa galimoto ndiye ayi.

M'bandakucha wina wa mu Juni, nditadutsa pa boma kulowera ku Thunga, ndinalowa m'nkhungu yeniyeni. Ndi nyali zakale zija ndinkatha kuona phula pang'ono patsogolo panga, n'kumakwawa. Ndi zatsopanozi ndinaona khoma loyera, ngati wina wayanika chinsalu pa boneti. Nkhungu ndi timadontho ta madzi, ndipo kuwala kulikonse kopita m'mwamba kumagunda timadonthoto n'kubwerera m'maso mwako. Nyali zanga zinkaponya kuwala kwambiri m'mwamba, ndiye zonse zimene ndinkathobwa nazo anzanga zinabwerera kwa mwini wake. Ndinatsitsa galasi, kutulutsa mutu, n'kumatsata mzere wa pakati ndi giya wani.

Ndinangomva kuti khwaa kumanzere. Galasi loonera kumbuyo linali lakola dengu. Nditatsika, miyendo ikunjenjemera, ndinapeza mayi wachikulire ataima m'udzu, mitolo ya mpiru ili mbwee pa phula. Sanavulale, Mulungu ndi wabwino. Sanakalipenso. Anangondiyang'ana, nkhata ikadali pamutu, n'kunena kuti:

"Mwana wanga, nyali zonsezi osandiona? Ine ndakuonerani kutali, ndimayesa kukutera ndege."

Ndinatola nawo mpiru, ndinalipira mitolo imene inapondeka, ndinawakweza mpaka pa Bvumbwe. Njira yonse sanalankhulenso, koma dzanja lawo linali pamphumi kutchinga maso, ali m'kati mwa galimoto yomweyo.

Munthu wanzeru akanabwerera ku mababu akale tsiku lomwelo. Ine ndinaganiza kuti vuto ndi buluu, ndiye mu Ogasiti ndinakagulanso a LED a 6000K. Amenewa anali ndi mavuto awoawo. Kafani ka kumbuyo kanakana kulowa m'chivindikiro cha labala chimene chimatseka nyali, ndiye tinachidula ndi lezala. Kuyambira pamenepo fumbi ndi chinyezi zinapeza khomo, m'mawa uliwonse m'kati mwa galasi muli thukuta. Ndikayatsa nyali wailesi inkayamba kusokosera. Ondiphethirira anachepa, koma sanathe.

Amene ananditsegula m'maso ndi bambo wina wachikulire wokonza zamagetsi za galimoto pa Luchenza, yemwe anagwira ntchito zaka zambiri m'galaja ya pa esiteti ina. Ndinapita kwa iwo chifukwa cha wailesi. Atatsegula boneti n'kuona labala wodulidwa uja, anapukusa mutu n'kundiuza kuti ndibwerenso dzuwa likalowa.

Madzulo ake anandiimitsa moyang'ana khoma la chigayo. Anachotsa LED ya mbali imodzi n'kuikamo babu wamba wa H4 wochokera m'thumba la ovolosi yawo, ataugwira ndi kansanza, chifukwa mafuta a m'zala akakhala pa galasi la halogen amalipsereza msanga. Kenako anaphimba nyali ya LED ndi chiguduli. Pa khoma panaoneka mzere wowongoka bwino, pansi pake kuwala, pamwamba pake mdima, ndipo chakumanzere mzerewo unkakwera pang'ono ngati denga la khonde. Anasuntha chiguduli n'kuphimba inayo. Panalibe mzere. Panali chinthu changati phala lotayikira pansi, kwina kowala kwambiri, kwina mabala amdima, kwina kukwera mpaka pa malata.

"Mwaona, achimwene? Inu mumayesa nyali ndi babu. Nyali ndi mbale yonyezimira ili kumbuyoyi. Babu ndi mlendo chabe."

Anandionetsa H4 uja pafupi. M'kati muli timawaya tiwiri, ka fulu ndi ka dimu, ndipo pansi pa ka dimu pali kachitsulo kooneka ngati supuni. Kasupuni kameneko kamatchinga kuwala kuti kusafike kumunsi kwa mbale, chifukwa mbali ya kumunsi ndi imene imaponya kuwala m'mwamba. Mbale yonse, imene amaitcha reflector, anaiumba poyerekeza malo enieni ndi kukula kwenikweni kwa kawaya kameneko. Ukaikapo chinthu chowala chokulirapo, kapena chosuntha ndi mamilimita awiri okha, mbale imaponyabe kuwala, koma kosalunjika. Moto wa HID ndi wopindika ndipo sukhala pamene pamakhala kawaya. Timaso ta LED tili pa kathabwa, timawala mbali ziwiri osati kuzungulira. Kukwera kwa mzere kumanzere kuja, anatero, n'kwadala: kuno timayenda kumanzere ngati ku Japan kumene galimotozi zimachokera, ndiye nyali imakweza kuwala kumbali ya oyenda pansi ndi zikwangwani, n'kukutsitsa kumbali ya galimoto zobwera. Mayi wa mpiru uja anali ndendende pamalo amene nyali yabwino imayenera kuunika.

Galimoto zimene zimabwera ndi HID kuchokera kufakitale, anapitiriza, zili ndi nyali zopangidwira zimenezo, zambiri za projector, zija zokhala ndi diso lagalasi lozungulira ndi chitsulo chodula kuwala m'kati. Za Probox si zimenezo.

Chimene anachita ndi nyali zanga n'chochititsa manyazi kufotokoza, chifukwa mtengo wake sunafike ngakhale theka la zimene ndinali nditaononga. Magalasi aja si galasi lenileni, ndi pulasitiki yolimba imene dzuwa limaiwotcha pamwamba. Anaikwecha ndi sandipepa wonyowetsa, kuyamba wa 800, kenako 1500, kenako 2000, n'kupolisha, n'kupopera vanishi woteteza ku dzuwa. Za mankhwala otsukira mano zimene anyamata amachita pa depoti anati zimawalitsa sabata ziwiri basi. Anapala waya wa earth amene anali ndi dzimbiri. Anaika relay kuti mababu azilandira magetsi molunjika kuchokera ku batire, chifukwa halogen magetsi akangotsika ndi gawo limodzi mwa magawo 10, kuwala kumatsika pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Tinapeza zivindikiro zina za labala. Kenako anayeza mamita 10 kuchokera pa khoma, anayeza kutalika kwa pakati pa nyali kuchokera pansi, analemba ndi khala pa khoma, n'kupotokola masikuluwu mpaka mzere wa kuwala unakhala masentimita 10 pansi pa chizindikirocho.

Pomaliza anandiloza kagudumu ka manambala kali pafupi ndi chiwongolero, kamene ine zaka zonsezi ndinkayesa n'kochepetsera kuwala kwa pa dashibodi. "Mukadzaza nanazi kumbuyoku, galimoto imakhala pansi, mphuno imadzuka, nyali zimaloza kumwamba. Muzipukusa aka." Ndinangoti zikomo, bambo.

Umu ndi mmene katoni ija inakwerera pa kabati. Ndipo ikanakhalabe pomwepo pakanapanda zinthu ziwiri: fizi, ndi kugwa kwa kwacha. Mu Novembala 2023 ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo chilichonse chochokera kunja chinadumpha mtengo. Zinthu zimene ndinagula kale zija, ngakhale zogwiritsidwa ntchito, tsopano zikanatha kubweza pafupifupi ndalama imene ndinalipira. Mayi a kunyumba masamu amenewa anali atawachita kale.

Kulemba uthenga wotsatsa kunanditengera usiku wonse. Woyamba ndinalemba zoona zokhazokha: kuti ndinazichotsa chifukwa zimathobwa anthu ndipo m'nkhungu sizithandiza. Nditauwerenga ndinaseka ndekha, chifukwa unali ngati wogulitsa mbuzi amene akuyamba ndi kunena kuti imadya zovala pa chingwe. Wachiwiri ndinalemba ngati mnyamata wa ku Limbe uja, usiku kusanduka masana. Umenewo ndinaufufuta msanga, nkhope ya mayi wa mpiru itandibwerera. Umene ndinaponya pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp unali wouma: HID ya H4, 35W, 8000K, yagwira ntchito miyezi inayi, LED ya H4, 6000K, miyezi iwiri, zonse zikuyaka, bwerani mudzayese nokha pa Luchenza. Sindiname, komanso sindinanene zonse. Ndinadziuza kuti zotsalazo ndidzanena pamaso.

Amene sanagulitsepo kanthu pa intaneti asamanene kuti anthu amawadziwa. Anthu khumi ndi awiri anafunsa kuti "zilipo?", ndikayankha kuti zilipo n'kuzimiririka. Ena osapereka n'komwe moni, kungoti "mtengo womaliza". Wina anafuna tisinthane ndi nkhunda zisanu ndi chimodzi. Wina ananditumizira meseji yooneka ngati ndalama yalowa, n'kuimba akulira kuti watumiza yambiri molakwitsa, ndimubwezere yapamwamba. Nditayang'ana balansi munalibe kanthu.

Ma LED anagulidwa ndi mphunzitsi wina wamayi wa ku Chitakale, wa Toyota Vitz. Mayi ameneyu anandiphunzitsa kugula zinthu zakale. Anakana kuona zithunzi, anafuna ziyake pamaso pake. Tinalumikiza ku batire, anaika khutu pa kafani kalikonse kumvetsera ngati kakukhula, ananunkhiza timabokosi ta magetsi kuti amve ngati tinapsapo, anadikira mphindi zisanu kuona ngati kuwala kukuphethira zikatentha. Kenako anandiyang'ana m'maso.

"Achimwene, zinthu zabwinobwino munazichotseranji?"

Ndinawauza zonse, za khoma la chigayo, za labala, za wailesi. Anaganiza pang'ono n'kunena kuti iwo usiku amayenda mwa apo ndi apo, ndipo agula pokhapokha tikaziika n'kuziona pa khoma. Tinatembenuza mababu mpaka timaso take tinayang'ana cham'mbali, kamodzi kumanja kena kumanzere, osati m'mwamba ndi pansi, n'kutsitsa nyali pang'ono. Mzere unaoneka, wosawongoka ngati wa halogen koma wopiririka. Anadula mtengo ndi gawo limodzi mwa magawo anayi chifukwa cha zimene ndinaulula, ndipo sindinatsutse.

HID ndiyo inali mutu waukulu. Ndinapita nayo kwa bambo a zamagetsi aja kukafunsa ngati akudziwa wogula. Anati iwo atha kutenga ma ballast okha pa K15,000, chifukwa amagwira ndi mababu a mitundu ina pa galimoto za projector. Nanga mababu? "Amenewo musagulitse munthu. H4 imalowa m'nyali za mbale ngati zanuzi. Aliyense amene agule, akathobwa anthu, palibe kuchitira mwina." Ine ndinali nditalemba K60,000. Ndinawauza kuti ndikaganize, ndipo iwo anangobwerera ku alternator imene ankamasula, osanenanso kanthu.

Ndinamvapo kuti ku UK, kuyambira mu 2021, galimoto ikapezeka ndi mababu a LED kapena HID m'nyali zopangidwira halogen imalephera mayeso a chaka ndi chaka. Ku Ulaya nyali zowala kwambiri zochokera kufakitale zimayenera kukhala ndi makina odzitsitsa zokha galimoto ikalemedwa kumbuyo, ndi timipopi totsuka magalasi. Anzathuwo anaona kuti nkhani ya nyali si ya mwini galimoto yekha. Koma ine sindinali ku UK. Ndinali pa Luchenza, ndi kalata ya kusukulu m'thumba.

Wogula anapezeka Lachisanu. Mnyamata wa zaka za m'ma 20, woyendetsa Toyota Sienta yonyamula anthu pakati pa Limbuli ndi Luchenza. Galimoto si yake, mwini wake amafuna ndalama yake tsiku ndi tsiku, ndiye amayenda mpaka usiku kuti apezeko yakeyake. Tinakumana kuseri kwa golosale ina pa Chonde. Titalumikiza, babu mmodzi anayaka buluu, winayo anayamba kaye wofiirira ngati maluwa a mbatata asanayere, ndipo ngakhale atatentha sanafanane ndi mnzake. HID ikamakalamba imasintha mtundu chonchi. Ndinamuonetsa ndekha, ndipo ndinachotsapo K5,000 asanapemphe.

Kenako ndinayamba ulaliki wanga. Ndinamuuza za mbale ndi kasupuni, za chiperoni, za dengu la mpiru. Anamvetsera mwaulemu, akusewera ndi makiyi.

"Ankolo, zonse mwanenazi ndikuzidziwa. Koma usiku uliwonse wothobwedwa ndimakhala ine. Malole ali ndi zoyera, mabasi ali ndi zoyera, mabwana a magalimoto akuluakulu ndiye osanena. Ine ndekha ndikhale ndi kandulo?"

Ndinati akwechetse magalasi, ndimulozera kwa bambo aja, aona kusintha.

"Ndikwechetsa, ankolo. Koma izi ndikuzifunabe. Mukandikaniza inu, Lolemba ndikagula zatsopano ku Limbe. Kusiyana kwake n'koti ndalama idya wina."

Apa ndiye anandigwira, chifukwa sananame. Ndakhala ndikuwatembenuza mawu amenewa kuyambira tsiku limenelo. Ndi oona, komanso ndi mawu omwewo amene amanena wogulitsa kachasu kwa munthu woledzera kale. Sindikufuna kudzipaka mafuta pano kuti ndinachita bwino chifukwa ndinanena zoona. Kunena zoona kunapepuza mtima wanga, koma sikunasinthe kumene kuwala kwa mababu aja kukalowere. Amene akanafunika kufunsidwa, a njinga za makala ndi amayi a madengu, pa malondawo panalibe.

Tinagwirizana K45,000. Ndinaumirira chinthu chimodzi, kuti tiziike limodzi n'kuziyeza pa khoma. Tinadikira mdima, ndinayeza masitepe anga khumi ndi atatu kuchokera pa khoma la golosale, n'kutsitsa nyali zake mpaka pansi penipeni pamene masikuluwu analola. Phala lotayika lija linalipobe, koma linatsikako. Iye ankayang'ana khomalo ndi nkhope ya munthu amene wagula wailesi yaikulu n'kuuzidwa kuti asamakweze. Ndinadziwa kuti sikuluwu imene yapotokoledwa kumanzere ikhoza kupotokoledwanso kumanja. Ndalama inalowa pa foni, ndinaonetsetsa balansi, ndipo Lolemba fizi inalipidwa. Mayi a kunyumba anatenga katoni ija n'kuikamo anyezi.

Bambo a zamagetsi sanandifunsepo kuti ma ballast aja anathera kuti. Ndikapita kukakonzetsa kanthu timacheza za mpira ndi mtengo wa feteleza.

Mwezi wa Julayi chiperoni chinabweranso, cha masiku anayi. Usiku wina ndinachedwa kokatenga nanazi, ndipo ndinkabwerera cha m'ma 8 koloko, galimoto itadzaza, kagudumu kaja nditakapukusa. Nkhungu inali yapakatikati, ndipo nyali zanga zachikasu zinkadutsa pansi pake bwinobwino, phula likuoneka, udzu wa m'mbali ukuoneka. Nditayandikira mlatho wa Thuchila, kutsogolo kunayamba kuyera, ngati mwezi ukutuluka pamalo olakwika. Kenako zinatulukira pokhota: kumodzi buluu, kwinako kofiirira ngati maluwa a mbatata.

Msewu unasowa. Ndinachotsa phazi pa moto, kuponda buleki pang'onopang'ono, maso kuwagwetsera kumanzere m'mphepete mwa phula, matayala awiri n'kutsikira m'dothi. Dzanja linapita lokha pa ndodo ya nyali, ndinaphethira kamodzi.

Anandibwezera fulu. Kamodzi, mwachidule, kungondionetsa kuti zimene ndikudandaula nazozo ndi dimu chabe.

Atafika pafupi anaizindikira Probox. Analiza hutala kawiri mosangalala, dzanja lili kunja kwa windo, ndipo ndinamva mawu akuti "Ankolooo!" akupitirira ndi mphepo. Ndinaima pomwepo injini ikulira, m'maso muli mabala obiriwira akuyandama, ndikudikira kuti achoke. Atayamba kuchoka, mamita ochepa patsogolo pa boneti panaoneka matumba atatu a makala pa njinga, ndi bambo ataima pambali pake m'udzu wonyowa, mkono uli pankhope.